Galu Ananenepa, Ine Magazi Akutha

"Mwanawe, ku Lusaka usakadye chimene sunaone pophika." Awa ndi mawu a azakhali anga, tsiku limene ankandiperekeza kokwerera basi ku Katete, ine ndikupita kubanja ndi katundu wanga yense m'sutukesi imodzi. Anandigwira pamkono n'kubwereza kawiri. Anati m'tauni anthu samenyana ndi ndodo, amamenyana ndi mbale. Ndinali ndi zaka makumi awiri. Lero ndili ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi zitatu, ndipo m'zaka zonsezi mawu amenewa sindinawagwetse pansi ngakhale tsiku limodzi.

Amayi anzanga a chigwirizano cha kutchalitchi, munandipempha kuti ndilembe za matenda anga kuti ena aphunzirepo. Ndinakana kawiri, mukudziwa. Mumandidziwanso kuti pamaliro ndimayenda ndi kapu yanga m'chikwama, ndipo mbale ikafika pamene ndakhala ndimati ndadya kale. Ndavomera kulemba chifukwa pali anthu atatu amene ndiyenera kuwatchula pagulu: dokotala wamng'ono ngati mdzukulu wanga, nesi wa pakamwa pakuthwa, ndi mpongozi wanga.

Ndimakhala ndekha ku Kabwata, m'nyumba imene malemu amuna anga anandisiyira. Mwana wanga Yohane amakhala ku Chelstone ndi mkazi wake, Amake Chisomo, Mubemba wa ku Luapula, mphunzitsi wa ana aang'ono.

Chizindikiro choyamba chinabwera mu Ogasiti chaka chathachi. Ndinkasesa pabwalo m'mawa monga mwa masiku onse. Ndisanafike pageti, mtima unayamba kugunda m'makutu ngati ndathamangira minibasi. Ndinakhala pasitepe mpaka unatsika, ndinamaliza kusesa, ndipo ndinati ndi fumbi la mwezi umenewo. Patapita masiku atatu zinabweranso ndikuchapa. Sindinauze munthu.

Koma matendawa sanayambire patsache. Anayambira m'poto, miyezi ingapo m'mbuyo mwake, ndipo ndiyenera kufotokoza bwino kuti mumvetse.

Mu Januwale, kolera itavuta m'makomboni, ndinamva mayi wina m'minibasi akunena kuti madimba ena amathirira ndiwo ndi madzi a m'zimbudzi. Sindinafunse kuti madimba ake ati, kapena iye anaona ndi maso. Kuyambira tsiku lomwelo ndinasiya kugula ndiwo zamasamba pamsika. Sizinandivute poyamba, chifukwa ndinali ndi kadimba kanga kuseri kwa nyumba: mizere isanu ya repu, nkhwani umene kuno timati chibwabwa, bonongwe womera yekha, ndi kholowa m'mbali mwa mpanda. Koma mvula inadula msanga, pampopi madzi ankabwera mwa apo ndi apo, ndipo pofika mu Epulo dimba lonse linali fumbi. Nyemba nazonso ndinazisiya. Magetsi ankazima tsiku lathunthu, makala anali atakwera, ndipo nyemba zimafuna moto wautali. Chinatsala ndi tiyi ndi buledi woyera m'mawa, nsima ya ufa woyera ndi kapenta masana. Nthawi zina ndinkagula kabichi, poti iye amakhala wodzitsekera. Ndinkachotsa masamba onse obiriwira akunja, n'kuduladula woyera wam'katiyo, n'kumuwiritsa ndi soda. Madzi oyambawo ndinkataya, n'kuthira ena, n'kuwiritsanso mpaka kabichi afewe ngati phala. Ndinkati ndikupha tizilombo, ndi china chilichonse chimene dzanja la munthu lingaikemo.

Pali chinanso, chimene ndi chovuta kulemba. Pa Pasaka ndinakacheza ku Chelstone. Ndikufuna mchere m'kabati ya kukhitchini, ndinapeza kathumba ka timapiritsi tachikasu, tating'onoting'ono ngati njere za therere, katatsamira botolo la mchere. Ndinadzifunsa kuti munthu wodwala amasunga mankhwala kuchipinda, nanga awa akutani pamchere? Sindinafunse. Ine sindifunsa, ndimangoona n'kusunga. Ndipo mumtima munali kale zina zimene ndinasunga. Zaka zisanu zapitazo mwana wachiwiri wa Yohane, wamwamuna, anabadwa ndi chotupa pamsana, msana wake usanatsekeke bwino. Anakhala masiku asanu ndi anayi. Pamaliro ndinalira ndi onse, koma mlandu ndinauika mwakachetechete pa mpongozi wanga ndi akwawo. Komanso Yohane anali atandiuza kawiri kuti nyumba ya ku Kabwata yandikulira, ndikakhale nawo. Ndinatenga zinthu zitatuzi, mapiritsi, mwana ndi nyumba, n'kuzimanga mtolo umodzi.

Lamlungu lililonse, akaweruka kutchalitchi, Yohane ankabwera ndi makontena a chakudya chimene mkazi wake waphika: nyemba, nkhwani wotendera ndi nsinjiro, nthawi zina chiwindi, ndi malalanje m'kathumba. Ndinkalandira ndi manja awiri n'kuthokoza. Galimoto ikangokhota pakona, ndinkapita kuseri kumene mpanda unabooka, n'kukhuthulira zonse Bingo, galu wa aneba. Malalanje ankathera kudzala. Poyamba ndinkafuna kuona ngati galuyo afe. Sanafe. Ndinati ndiye kuti mankhwala ake ndi a anthu okha. Munthu ukaganiza zoipa, umboni susowa.

Mu Seputembala zinthu zinakula. Ndikadzuka pampando maso ankachita mdima. Kupita pamsika wa Kabwata, mtunda umene ndauyenda zaka makumi anayi, ndinkapuma katatu. Lilime linafiira n'kusalala ngati chidutswa cha nyama, ndipo mchere kapena tiyi wotentha zinkandiotcha. M'mbali mwa milomo munang'ambika tizilonda. Chakudya chinasiya kukoma, madiresi anayamba kulendewera, ndipo mtima unafupika: ndinakalipira mwana wa aneba chifukwa cha mpira umene sunagwere n'komwe kwanga. Zilonda za m'kamwa ndinaziwerenga ngati umboni wakuti china chinandilowa ndithu, choncho ndinachepetsanso kudya. Nditaona kuti m'zikope mwayera, ndinati pali amene akundimwa magazi. Ndinathyola masamba a mapeyala, n'kumawawiritsa mpaka madzi afiire, n'kumamwa m'mawa ndi madzulo. Madzi ankafiira m'kapu, ine ndikuyererayerabe.

Mu Okutobala ndinasiya kubwera kuchigwirizano. Ena mwa inu munabwera kudzandiona, ndipo ndinakuyankhani pawindo kuti ndili bwino, ndi chimfine chabe. Yohane akabwera ndinkavala juzi ndi duku, n'kumulandirira pakhomo, osamulowetsa. Mwana wamwamuna saona zambiri.

Loweruka lachiwiri la Novembala, cha m'ma teni koloko, anabwera Amake Chisomo okha kudzatenga makontena awo amene anali ataunjikana. Anandipeza nditakhala pakhomo, tsache lili pambali, ndalephera kudzuka. Tisanamalize n'komwe moni, Bingo anatulukira pabowo la mpanda lija. Galu amene kale nthiti zake zinkawerengeka anali atanenepa, ubweya ukunyezimira. Anathamangira dengu la mpongozi wanga, n'kulinunkhiza, n'kubwerera kukaima pabowo paja akugwedeza mchira, kudikira gawo lake. Amake Chisomo anayang'ana galu, anayang'ana ine. Anagwada, n'kunena m'Chinyanja chawo cha m'tauni:

"Amama, nipatseniko manja."

Anatembenuza zikhatho zanga n'kuziika pafupi ndi zawo. Zawo zinali zofiirira, zanga ngati pepala.

"Tiyeni ku chipatala."

Ndinakana. Ndinati ndamwa kale mankhwala. Iwo anavula nsapato, n'kukhala pansi pabwalo, padzuwa la Novembala lija, miyendo atatambasula.

"Basi na ine nankala pano. Mukanyamuka ndiye nizanyamuka."

M'pamene ndinaona kuti ali ndi pakati, miyezi ngati isanu. Sanandinyengerere, sanakweze mawu, sanaimbire foni mwamuna wawo. Anangokhala. Thukuta linkayenderera m'khosi mwawo. Ine ndine wouma mutu, koma sindine mfiti yoti n'kuumika mayi woyembekezera padzuwa. Dzuwa litafika pamutu ndinati aitane takisi.

Kukiliniki tinatenga khadi n'kukhala pabenchi. Anandiyeza sikelo, anandimanga lamba pamkono, anandibaya chala. Malungo sanapezeke. Koma mnyamata woyeza magazi ataona chiwerengero chake, anadzuka yekha kukaitana mkulu wake, ndipo sitinabwererenso pamzere. Anatilembera kalata yopita kuchipatala chachikulu. Kumeneko tinadikiranso pabenchi ina, pakati pa anthu ovulala ndi okhosomola, ine mutu uli paphewa la munthu amene ndinkamuopa kuposa onse. Dzuwa lisanalowe ndinali pabedi m'wodi ya amayi.

Ananditenga magazi m'timabotolo tinayi. Ndinatiwerenga, ndipo ndinafunsa kumene tikupita. Nesi anandionetsa dzina langa pa kalikonse.

Dokotala anali mtsikana wochepa thupi, wovala nsapato zothamangira. Nditamuona ndinati uyu ngakhale phala sadziwa kuphika. Koma anakoka mpando n'kukhala, chinthu chimene sindinkayembekeza. Anandiyang'ana lilime, m'zikope, zikhadabo. Anandigunda mawondo ndi kanyundo, n'kundifunsa ngati mapazi amachita dzanzi. Anafunsa ngati ndimataya magazi kulikonse, ngati ndimamwa mowa, ngati pali mankhwala amene ndimamwa masiku onse. Kenaka anafunsa zimene ndinadya dzulo, dzana, sabata yatha, mwezi watha. Nditatchula kabichi anati ndimufotokozere kaphikidwe kake kuyambira pa mpeni mpaka pa mbale. Ndinafotokoza monyadira, za soda ndi za madzi awiri aja. Sanaseke. Analemba zonse.

Anati magazi anga atsika kwambiri moti mtima ukutopa, ndipo ayenera kundiika thumba limodzi la magazi pang'onopang'ono pamene tikudikira zotsatira. Ndinafunsa kuti ndi magazi a yani.

"Sitidziwa dzina lake, ambuya," anatero. "Anayezedwa bwino. Mwini wake sakudziwani, ndipo safuna kanthu kwa inu."

Ndinagona n'kumayang'ana madontho akutsika m'kapaipi. Munthu amene sindidzamuona, kaya ndi wa ku Chilenje kaya wa ku Makeni, anatambasula mkono wake tsiku lina kuti nkhalamba yosakhulupirira anthu ipume bwino. Ndinaziganizira nthawi yaitali zimenezi.

Moyo wa m'wodi uli ndi mawotchi ake. M'mamawa anesi amayatsa magetsi n'kuyeza kutentha kwa thupi. Kenaka okolopa, kenaka tiyi, kenaka madokotala ndi gulu lawo la ophunzira, kenaka ngolo ya mankhwala. Pakati pa zonsezi ndi kudikira basi. Amake Chisomo anapempha tchuthi kusukulu. Ankafika m'mawa uliwonse ndi dengu, n'kukhala pampando wapulasitiki pambali pa bedi. Chakudya chawo ndinkati ndidya pambuyo pake. Ndinkangomwa tiyi wa m'wodi, poti iye amathiridwa m'ketulo imodzi ya anthu onse.

Lachiwiri zotsatira zinabwera. Dokotala anakhalanso pampando uja n'kundifotokozera, ndipo ndilemba monga ndinamvera. M'thupi mwanga munatha vitamini wina wotchedwa foleti. Thupi silimupanga lokha, limamutenga m'chakudya, ndipo nkhokwe yake ndi yaing'ono, imatha pa miyezi yochepa munthu akasiya kumudya. Ntchito yake imaoneka paliponse pamene thupi likuumba zatsopano: magazi, khungu la m'kamwa ndi la m'matumbo, mwana m'mimba. Akasowa, m'mafupa mmene magazi amapangidwa mumatuluka timagulu tofiira ta magazi tochepa, tatikulutikulu koma tosakhwima, tosachedwa kufa. Anati zili ngati woumba njerwa amene nkhuni zamuthera: njerwa zimatuluka zazikulu, koma pamvula yoyamba zimasungunuka. N'chifukwa chake ndinkapuma movutika, n'chifukwa chake lilime linasalala.

Ndinafunsa kuti foletiyo amapezeka kuti. Anawerenga ndi zala: ndiwo zamasamba zobiriwira, nyemba, khobwe, mtedza, therere, chiwindi, mazira, malalanje, mapeyala, chipatso chake osati masamba. Ankatchula zimene zinali m'makontena a Lamlungu, chimodzichimodzi, ngati anaziona. Anawonjeza kuti foleti salimba pamoto wautali, soda amamuwononga, ndipo wotsalayo amathawira m'madzi owiritsira. Ndiye kuti miyezi yonse ija ndinkathira ndiwo m'ngalande n'kumadya makoko. Za kolera anati mantha anga sanali opusa, koma mankhwala ake ndi kutsuka ndiwo ndi madzi abwino n'kuziphika zipse, osati kuzipha kawiri.

Ananenanso china chimene ndikufuna muchisunge. Kuchepa magazi si kumodzi. Kwina n'kosowa ayironi, kwina n'kwa malungo, kwina n'kotaya magazi m'kati, kwina n'kosowa vitamini wina wotchedwa B12, amene zizindikiro zake zimafanana ndi zanga. Munthu wosowa B12 akangomwa mankhwala a foleti okha, magazi amaoneka ngati akwera pamene mitsempha ikuwonongeka mwakachetechete. N'chifukwa chake anandigunda mawondo, n'chifukwa chake timabotolo tinali tinayi. Wanga B12 anali bwino. Anati ndidzamwa piritsi limodzi patsiku kwa miyezi inayi, dzina lake folikiasidi, amene ndi foleti yemweyo wopangidwa kukhala mankhwala.

Ngolo ya mankhwala itafika, nesi anandiika piritsilo m'dzanja. Linali laling'ono, lachikasu, ngati njere ya therere. Ndinati kodi afika mpaka muno? Ndinaliika pansi pa lilime, ndinamwa madzi, ndipo nesi atadutsa ndinalimanga pamfundo ya chitenje. Lachitatu ndinachitanso chimodzimodzi.

Lachinayi ngolo inabwera ndi nesi wina, mayi wonenepa wa mawu aakulu, amene onse ankamutcha Sisita Chanda. Anandipatsa piritsi, n'kuima osachoka. Anayang'ana pakamwa panga, anayang'ana chitenje.

"Ambuya, muli shani? Masulani mfundo iyo tione chuma."

Ndinati ndi zanga.

"Ni ba kuti aba?" nesiyo anafunsa mpongozi wanga, amene ankatsuka kapu pambali. Atamva kuti ndine wa ku Katete, anawomba m'manja. "Nenze naziba! Imwe ba kumawa! Mbeba ya mu sanga mumadya na ubweya wake, na muchila, simuifunsa kuti inadya chani. Manje kapilisi aka mwakamanga monga kachithumwa?"

Wodi yonse inaseka, ngakhale mayi wa pabedi lapakona amene sankayankhula. Kwa amene simudziwa, ife a kum'mawa ndi Abemba tili pachimbuya: timanyozana pamaliro ndi paukwati pomwe, ndipo wokwiya ndiye wagonja. Mpongozi wanga, ngakhale ndi Mubemba, sakanatha kundiyankhula chotero, chifukwa apongozi ndi apongozi. Koma uyu mwambo unamupatsa chilolezo, ndipo ine mwambo womwewo unandikakamiza kubweza.

"Inu odya anyani," ndinatero, "mungandiphunzitse za chakudya ine?"

"Kolwe, nyani uyo mukamba, ali na magazi, ambuya. Imwe mulibe. Kambani, vuto ni chani?"

Pakamwa pakatseguka ndi nthabwala, zoona zimatulukira pomwepo. Ndinamva mawu anga akunena kuti mapiritsi amenewa ndinawaona kale, kukhitchini kwa mpongozi wanga, pafupi ndi mchere umene amathira m'ndiwo zanga.

Kuseka kunatha. Amake Chisomo anaika kapu pansi. Anapukuta manja, anatsegula chikwama chawo, n'kutulutsa kathumba kaja. Anatenga piritsi limodzi n'kuliika padzanja pawo, pafupi ndi langa. Anali amodzi. Analimeza ndi madzi a m'kapu yanga, ine ndikuona.

"Amama, ni ya mwana uyu," anatero, dzanja lili pamimba. "Ba dokota ananiuza kuti niyambe kumwa mimba ikalibe, chifukwa cha uja tinaika. Nimasunga pa mchele kuti nisaibale. Mchele nimaugwila tsiku lililonse."

Sisita Chanda anakhala m'mphepete mwa bedi, nthabwala zonse atazisiya. Anandifotokozera kuti msana ndi ubongo wa mwana zimatsekeka m'masabata oyambirira enieni, nthawi zambiri mayi asanadziwe n'komwe kuti waima, ndipo foleti amathandiza kuti zitsekeke bwino. N'chifukwa chake mayi amene akufuna mwana amayenera kuyamba kumwa mimba isanabwere, makamaka amene zinamuchitikirapo. Anati sikuti mapiritsi amatseka njira zonse, koma amachepetsa ngozi kwambiri. Kenaka anandiyang'ana m'maso n'kunena kuti mwana akabadwa chotero si mlandu wa mayi wake, si mlandu wa akwawo, si mlandu wa munthu.

Zaka zisanu ndinamusenzetsa mlandu umenewo mpongozi wanga, iye osadziwa, kapena akudziwa, sindinganene. Iye nthawi yonseyo ankamwa kapiritsi kake pamchere, n'kumandiphikira nyemba Loweruka kuti zifike Lamlungu.

Ndinameza piritsi. Ndinamasula mfundo n'kupereka awiri aja kwa nesi. Ife a msinkhu wanga sitinaphunzire kupepesa kwa mpongozi, mawu ake sitiwadziwa. Chimene ndinatha kunena n'chakuti, "Amake Chisomo, mwaphika chiyani lero?" Anatsegula kontena. Munali nkhwani wotendera, wobiriwira ngati akadali kudimba. Lilime linkawawa, koma ndinadya mpaka pansi. Chinali chakudya choyamba cha m'nyumba ya munthu chimene ndinadya osaona pophika, kuchokera tsiku lija kokwerera basi ku Katete.

Kuchira sikunabwere ngati mphezi. Patapita masiku anayi ndinamva njala, njala yeniyeni, imene ndinali nditaiwala. Sabata isanathe tiyi anasiya kundiotcha. Ndinayamba kuyenda ndekha kupita kubafa, kenaka mpaka pakhomo la wodi. Ananditulutsa patatha masiku khumi ndi awiri. Ndinakakhala ku Chelstone masabata asanu ndi limodzi, ndipo m'masabata onsewo, ngakhale ndinatchera khutu, palibe anatchula za nyumba ya ku Kabwata. M'mawa uliwonse tinkakumana pakabati, iwo piritsi lawo, ine langa, tonse pamchere pomwepo. Ndinakhala pampando kukhitchini n'kumaona mmene amaphikira: kutsuka masamba bwinobwino asanadule, madzi pang'ono pansi pa poto, kuvundikira, mphindi zochepa, soda ayi, msuzi osataya. Ine amene ndinaphunzitsa atsikana ambiri a chinkhoswe kuphika, ndinaphunzira kwa mpongozi.

Za galu sanandifunse mpaka lero. Tsiku limodzi lokha, akundiperekeza kubwerera kwathu, Bingo anatulukira pabowo paja, nthiti zitayambanso kuoneka. Iwo anangoti, "Amama, ba Bingo baonda manje." Tinaseka mpaka ndinagwira mpanda.

Ndinapita kukayezetsa mu Disembala ndi mu Febuluwale. Ulendo uliwonse magazi ankapezeka atakwera. Mu Malichi dokotala wamng'ono uja anayang'ana pepala, anandiyang'ana lilime, n'kunena kuti mapiritsi ndisiye, otsalawo ndiziwapeza m'mbale. Ndinamufunsa ngati amadziwa kuphika phala. Anati amayi ake amati ayi.

Mwezi womwewo, kumapeto kwake, Amake Chisomo anachira, mwana wamkazi. Atandipatsa kuti ndimunyamule, sindinayambe ndi nkhope monga amachitira ena. Ndinamuvundukula, ndinamutembenuza, n'kuyendetsa chala changa kuchokera pakhosi mpaka pansi pa msana, pang'onopang'ono, fupa ndi fupa. Unali wotsekeka, wosalala. Ndinakweza maso n'kupeza mayi wake akundiyang'ana, ndipo ndinadziwa kuti iyenso chala chake chinadutsa kale pomwepo. Anandipempha dzina. Ndinati Tiyamike.

Lero ndili bwino. Ndimasesa mpaka pageti n'kupitirira kunja. Repu ndi bonongwe ndabzala m'matumba a simenti, ndimathirira ndi madzi otsukira mpunga ndi ndiwo. Pamsika ndinabwererako, ngakhale mayi wogulitsa ndimamufunsabe kumene dimba lake lili, ndipo iye anazolowera. Sindinganame kuti ndasanduka munthu wina. Loko wa pachitseko ndimamuyesabe kawiri. Azakhali anga ankandikonda, ndipo sindiwanyoza m'manda mwawo. Koma chenjezo lawo linali ndi mwendo umodzi. Anandiuza zimene mbale ya munthu ingandichite, sanandiuze zimene kukana mbale kungandichite.

Tsono amayi anzanga, mukaona kutopa kosatha, mtima kugunda m'makutu, zikhatho kuyera, lilime kufiira ndi kuwawa, musathyole masamba a mapeyala, musagule mankhwala owonjezera magazi mongoganiza. Pitani akakuyezeni msanga, adziwe kuti kuchepa kwanu magazi ndi kwa mtundu uti. Ine ndinadikira miyezi itatu, ndipo ndinapita mtima utatsala pang'ono kutopa. Ana anu aakazi ndi apongozi anu amene akufuna mwana, auzeni akafunse za folikiasidi kukiliniki mimba isanabwere. Ndipo mukapeza timapiritsi tachikasu kukhitchini kwa munthu, funsani ndi pakamwa.

Chomaliza ndi pempho. Ndimadzidziwa ndekha, khalidwe la zaka makumi anayi silithera m'wodi. Mukadutsa ku Kabwata, gogodani. Ndikakuyankhani pawindo kuti ndili bwino, musachoke ngati ulendo uja. Nenani kuti nditsegule, nditambasule manja, muone zikhatho, ndikutulutsireni lilime. Mukabwera ndi kambale ka ndiwo, ndidzakufunsani kumene munagula ndi amene waphika, musakhumudwe, ndi mmene ndilili. Koma khalani pansi mpaka ndidye inu mukuona. Musandisiye ndekha ndi mbale, Bingo akadali moyo.